Nthanda ndi Kadzidzi wa pa Nkhokwe

Zelifa anadziwana ndi Gideon pa siteji ya Nsaru chifukwa cha nanzikambe. Kanyamako kankawoloka msewu monyang'wa, minibasi ikubwera, anthu akungoseka. Mnyamata wina wa malaya oyera anatola kamtengo n'kukanyamula.

"Simukuopa?" anafunsa Zelifa, dengu la tomato lili pamutu. "Nanga kamasintha bwanji mtundu?"

Mnyamatayo anaseka. "Funso limenelo ana a m'kalasi mwanga sanandifunsepo. Ndine Gideon, ndimaphunzitsa fizikisi ku Nambuma."

Basitu, mtsikanayo anapeza kotula mafunso ake! N'chifukwa chiyani mphezi imaoneka bingu lisanamveke? Nyenyezi zimapita kuti masana? Gideon ankayankha pa foni, mayankhowo n'kumanka natsekemera.

"Duwa langa, mawa ulawirire ukaone Nthanda kum'mawa. Ilibetu moto wakewake, imawala ndi dzuwa. Inenso ndimawala ndi iwe."

"Aphunzitsi inu, pakamwa!" anayankha Zelifa, koma uthengawo anauwerenga mpaka foni kuzima.

Analonjezana kuti: "Nthanda ikatuluka, aliyense aziiyang'ana komwe ali."

Anthu atamaliza kukolola, amalume ake a Gideon anabwera kudzafunsira mbeta. Nkhani inayenda bwino zedi. Koma alendo akutsanzika dzuwa litangolowa, kadzidzi analira padenga. Kawiri!

Amayi ake a Zelifa nkhope inagwa. Alendo atapita, anamuitanira m'nyumba.

"Mbalame imeneyi inaliranso chonchi bambo ako asanamwalire. Banja limeneli labwera ndi maliro. Ine sindingakupereke kumanda ndikuona."

"Amayi, chonde..."

"Ndakana, Zelifa!"

Kodi akanawatsutsa bwanji amayi amene anamulera okha? Analemba misozi ikudontha pa foni: "Gideon, mundikhululukire. Amayi akana. Musandiimbirenso." Gideon anaimba, anaimbanso, koma iye sanayankhe. Mtima unamupweteka koopsa.

Komatu mtima suuzidwa zochita, abale. M'bandakucha uliwonse Zelifa ankatuluka ndi tsache ngati wakhama pa kusesa, chikhalirecho maso ali kum'mawa.

Tsiku lina ataima choncho, chinthu chinatsika pa nkhokwe, mapiko osamveka n'komwe. Kadzidzi uja! Anambwandira khoswe n'kuuluka naye mumtengo wa mango. Mawa lake anateronso. Zelifa, ndi chidwi chake chija, anakafufuza patsinde pa mtengowo ndipo anapeza timibulu ta ubweya todzaza timafupa ta makoswe.

M'bandakucha wa tsiku lachitatu anakagogoda kuchipinda kwa amayi ake. "Amayi, tadzukani mudzaone nokha."

Anatuluka akung'ung'udza, atafunda chitenje. Sanadikire nthawi yaitali. Mbalame ija inatsika, khoswe anangoti tswii, basi.

Amayiwo anakwera pa mtondo n'kusuzumira m'nkhokwe. Chimanga chili mbee, chosakhudzidwa! Chaka chatha nthawi ngati imeneyi makoswe anali atasiya zitsononkho zokhazokha pamwamba.

"Ndiye kuti mlendoyu amatilondera chakudya, eti?" anatero pang'onopang'ono. Kenako anamugwira Zelifa dzanja. "Ndinachita mantha, mwana wanga. Ndinataya kale mmodzi."

"Ndikudziwa, amayi."

"Uwauze amalume ake a Gideon abwerenso. Koma abwere masana!"

Zelifa anaseka uku akulira. Kenako mantha anamugwira. Masabata onsewa osayankha foni! Nanga ngati Gideon anatopa? Ku Nambuma atsikana anatha ngati?

Anayang'ana kum'mawa. Inalipo, ikuwala pamwamba pa mabulugamu. Analemba: "Nthanda yatuluka. Mukuiona?"

Asanaike n'komwe foni pansi, inalira.

"Dzuwa langa," anatero Gideon, "ndili panja pano. Sindinajombe ngakhale tsiku limodzi."