Chipinda Chimene Anachikhoma Loko

Maliro atatha, mwana wa malemu anazindikira kuti kompyuta ya bambo ake inali isanazime m'chipinda chawo. Bambowo anali mphunzitsi wa fizikisi, ndipo anamwalira akufufuza za tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mwanayo sukulu anaisiyira panjira, koma anatolapo chimodzi.

"Tinthuti tikasakanizidwa mwachisawawa timalukana, ka kuno n'kumamva za ka uko," ankatero bambo ake. "Ukamatisuzumira pafupipafupi, ulusi umaduka. Kusuzumira kukachepa kupyola malire ena ake, zonse zimasanduka thupi limodzi."

Usiku, chitseko chikakhalitsa chotseka, m'chipindamo munkamveka kupuma kolemera, kothera ndi kamluzu, ndendende kwa malemu. Kenako mpope wa kubafa unkayamba kudontha motsatira kupumako, babu la pakhonde n'kumaphethira nawo. Mwanayo ankakhala pansi, khutu pakhoma, kupempha mumtima kuti kusaleke.

Koma achibale anali atadzaza nyumba ngati ntchentche pachilonda. Azakhali anali atavala kale juzi ya malemu, fungo la mankhwala lisanachoke. Bambo aang'ono, amene pa matenda sanapondepo n'komwe, ankatsegula chitsekocho kawirikawiri kuti aone ngati katundu alipo. Akangosuzumira, zii.

"Iwe, makinawa si oseweretsa osaphunzira," ankatero, akutokosa m'mano.

Akuluakulu awiriwa ankakayikirana, choncho anagula loko, kiyi n'kumusungitsa mwanayo poti ankamuyesa wopepera. Kusuzumira kunathera pomwepo.

Usiku umenewo mawindo onse ananjenjemera pamodzi. Usiku wotsatira mwanayo anamva azakhali, ana awo ndi alendo ogona pabalaza akukoka mpweya nthawi imodzi, kamluzu komwe kaja. Mmodzi akatembenuka, onse ankatembenuka. M'mawa anadzuka akulavula malovu owawa mankhwala amene sanamwe. Ena ankanong'ona kuti malemu akwiya, komabe palibe anavula chimene anatenga.

Bambo aang'ono anamupeza mwanayo mumdima, thukuta lili kamukamu.

"Mwanawe, tsegula," ananong'ona. "Tingosuzumira pang'ono, zitisiye."

"Bambo anga akubuula okha m'menemo miyezi yonse ija, munasuzumirako?" anafunsa mwanayo.

"Zakale izo, bambo. Chonde, kiyi ali kuti?"

Mwanayo anawayang'ana. Asanatsegule pakamwa, nyumba yonse, ogona ndi odzuka omwe, inayankha ndi mawu amodzi, milomo ya bambo aang'onowo ikuyankhanso nawo:

"Ndamutaya m'ngalande."