Lomaliza Suwerenga Wekha

Chinayamba kuonekera ndi kangodya kopindika. Ewurasi anatsegula sitolo ya bambo ake m'mawa wina wa nyengo ya mvula n'kupeza kabuku kamodzi kali pabenchi, kunja kwa kathumba kake ka pulasitiki. Tsamba lina la m'kati linali litapindidwa chakumunsi, monga amachitira munthu wofuna kudzapitiriza mawa. Kwa inu mwina si nkhani. Koma m'sitolo ya a Ekow Essilfie, kuno ku Sekondi, wopinda tsamba amamuyang'ana ngati walavula m'tchalitchi.

Sitoloyo ndi ya timabuku ta zithunzi takale, makomiki aja. Tina tinkatsika ndi amalinyero padoko, tina tinkasindikizidwa ku Accra ife tili ana a kabudula. Kale ana ankadzaza pabenchipo n'kumawerenga mosinthana mpaka dzuwa kulowa. Lero ana ali pafoni, ndipo ogula timabukuto ndi azibambo a imvi okhala kunja, amene sawerenga n'komwe. Iwo amayang'ana ngodya ngati zili zakuthwa, timawaya tomangira ngati tachita dzimbiri, pepala ngati likadali loyera. Akatero amapereka malikisi monga kusukulu, n'kutsekera kabukuko m'kabokosi ka pulasitiki kolimba, komata mbali zonse. Ukangoswa kabokosiko, malikisi aja atha. Ine zimenezi zimandinyansa, kunena zoona, koma ndi mmene malonda ake alili.

Ndiye malondawo anatembenuka. Timabuku ta kunja tinatsika chifukwa aliyense ali nato, pomwe ta kuno, tomwe amayi ankakulungira mtedza pamsika, tinasanduka tosowa. Tofunidwa kwambiri tinali ta nthano ya Mlonda wa Padoko, ndipo a Ekow anali nato tonse, kuyambira koyamba mpaka komaliza. Komalizako kanali kasanatsegulidwepo chigulire.

Ife akuluakulu timadziwa chifukwa chake. A Ekow anali ndi mkulu wawo, Jojo, ndipo awiriwo ankasonkherana timakobidi kuti agule kabuku katsopano kakatuluka. Anali ndi lamulo lawo: katsopano suwerenga wekha. Ukakagula mnzako kulibe, umakabisa m'malaya n'kumudikira, ngakhale mtima ukuyabwa chotani. Ankawerenga mitu itagundana, ndipo Jojo ndiye ankatembenuza masamba, atanyambita chala, n'kupinda kangodya kakumunsi akafuna kulekeza. Chaka chimene anyamata ambiri ankabisala m'sitima zapamadzi kuti akaone Ulaya, Jojo nayenso anapita. Anauza mng'ono wake kuti komaliza kakatuluka amudikire, sachedwa. Kabukuko kanatuluka, Ekow anagula, n'kukaika m'chitini cha mabisiketi. Anakwatira, anabereka, anaika mkazi wake m'manda, tsitsi linayera, koma chitinicho chinali chikhalire. Za Jojo sitinamveponso. Ena ankati ali ndi banja kwinakwake kozizira, ena ankanong'ona kuti opezeka atabisala ena ankaponyedwa m'nyanja. A Ekow ankangoti achimwene achedwa.

Kenako kunabwera a Lamptey, wogula wa ku Accra, atavala magolovesi oyera ngati wonyamula maliro. Anaunika kabuku komalizako ndi katochi, anakanunkhiza, n'kunena kuti chiyambire ntchito yawo sanaonepo ka kuno kosapindika kumsana chonchi. Atafuna kutsegula kuti aone m'kati, a Ekow anawagwira dzanja. A Lamptey anaseka, n'kufotokoza kuti akatswiri opereka malikisi akatsegula ndithu, mosamala, kamodzi kokha, kenako akamata mpaka kalekale. Ankafuna timabuku tonse ta Mlonda pamodzi.

Ewurasi ndiye anakakamiza bambo ake kuti agulitse. Musamuweruze, mwanayo anatopa. Denga linkadontha, makoma ankatuluka thukuta, timabuku ta m'mashelefu apansi tinali titayamba nkhungu, ndipo bambo ake ankatsokomola usiku wonse. Anawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kuti munthu amene wakhala chete zaka zoposa makumi anayi sadzabwerera kabuku ka ana. Pofika madzulo a Ekow anavomera. A Lamptey anati adzatenga katundu wawo mwezi ukatha.

M'mawa wotsatira ndi uja Ewurasi anapeza kabuku pabenchi. Kanali koyamba ka Mlonda wa Padoko.

Anaganiza kuti bambo ake akutsanzikana ndi timabuku tawo, ndipo anawadzudzula pang'ono kuti akugwetsa malikisi. Iwo anatenga kabukuko, anayang'ana kangodya kaja nthawi yaitali, n'kukabwezera m'kathumba. Kutacha, pabenchi panali kachiwiri. Tsiku linalo, kachitatu. Wowerengayo sankadumpha kapena kubwerera m'mbuyo, ndipo timabuku tina tonse ta m'sitolomo sankatikhudza.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati ndi makoswe, ngati khoswe anayamba wapindapo tsamba. Ena ankati ndi a Lamptey akutuma munthu kuti awononge timabukuto kuti adzagule motchipa. Ewurasi anakhulupirira zimenezi, anasintha loko, makiyi n'kumagona nawo m'chiuno. Anawaza ufa pansi kuyambira pakhomo mpaka pashelefu. M'mawa ufawo unali wosapondedwa ngakhale ndi nyerere, koma kabuku kena kanali pabenchi, ndipo kumapeto kwa benchiyo kunali konyowa, malo okwana munthu mmodzi kukhala. Dzuwa litalowa pawindo, ponyowapo panauma n'kusiya zoyera. Anakhudza ndi chala n'kulawa. Unali mchere.

Mayi Baaba, amene amagulitsa kenkey, nsima yowawasa ya kuno ija, ndi nsomba zokazinga pafupi ndi khomo la sitolo, anaitanira Ewurasi pambali. Anati akamasonkha moto m'bandakucha amamva benchi ikulira m'katimo, ndipo tsiku lina anamva kuseka kwapansipansi, kwa mnyamata. Anawonjezera kuti mwina ndi a Ekow akuyenda ali m'tulo, poti ukalamba umabwera ndi zambiri, koma pomwe ankanena zimenezo maso awo anali kwina. Kuyambira tsiku limenelo anasamutsira mbaula yawo tsidya lina la msewu.

Ewurasi ndi bambo ake amakhala pamwamba pa sitoloyo, choncho mwanayo anayala mphasa pakhomo la chipinda cha bambo ake kuti asatuluke iye osamva. Magetsi anali atazima, kunali mdima wandiweyani. Mvula inaleka pakati pa usiku, kunangotsala madontho ogwera m'ndowa, tho, tho, ndi nyanja ikupuma chapatali. Kenako pansi panamveka kathumba ka pulasitiki kakutsegulidwa pang'onopang'ono, tswaa. Benchi inalira. Kunakhala zii kwa nthawi yokwana munthu kuwerenga masamba awiri oyang'anizana, kenako pepala linatembenuka. Ewurasi anadzuka pamphasa. Anakankha chitseko kuti adzutse bambo ake, n'kuwapeza ali tsonga pabedi, nkhope yoloza pansi pomwe phokosolo linkachokera.

"Ababa, mukumva?" ananong'ona.

"Khala chete, umusokoneza."

"Ndani ameneyo?"

"Wafika pamene Mlonda agwera m'ngalande," anatero a Ekow. "Tamvera, aseka pompano."

Ndipo pansipo wina anaseka, kuseka kodzigwira pakamwa, kwa mwana woopa kudzutsa makolo. Ewurasi anagwira mkono wa bambo ake. Iwo sankaopa, abale inu, ankalira. Misozi inkangoyenderera mwakachetechete, ndipo anamuuza kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti mkulu wawo anawaiwala, ali ndi ana ake kozizirako. Tsopano anadziwa kuti sanawaiwale, komanso anadziwa kumene wakhala ali. Mwanayo anapempha kuti aitane abusa. Iwo anakana, ati mlendo sumuitanira apolisi.

Timabukuto tinkatha kamodzikamodzi, ndipo Ewurasi ankayang'ana shelefuyo ndi mantha, poti mzere wa tosawerengedwa unkafupika kulowera ku chitini cha mabisiketi. Anabisa chitinicho m'sutikesi yake, pansi pa nsalu za malemu mayi ake. Mwezi uli pafupi kutha, anapeza pabenchi komaliza ka pashelefupo, kutangotsala ka m'chitini kokha.

Usiku umenewo kathumba sikanalire, pepala silinatembenuke. Benchi inangolira kamodzi, munthu n'kukhala. Kenako panayamba kumveka chala chikugogoda pathabwa, osati mwaukali ayi, mmene amachitira munthu wodikira mnzake amene akumanga nsapato. Chinagogoda mpaka tambala. Usiku wotsatira chimodzimodzi. Ewurasi anati bola kuwerenga kuja, chifukwa kudikiraku kunkamulowa m'mafupa. Anafunsa bambo ake chifukwa chake mlendoyo sakwera kudzatenga yekha, poti loko samuletsa.

"Sangatenge," anayankha. "Katsopano suwerenga wekha."

Usiku womaliza a Lamptey asanabwere, a Ekow anaima pamphasa ya mwana wawo atavala malaya oyera a kutchalitchi, nyali ili m'manja. Sanamukalipire. Anangotambasula dzanja. Ewurasi anawakumbutsa za denga, za chifuwa chawo, za mawu amene anapereka kwa munthu wochokera kutali. Anawauza kuti akangopinda chikuto chokhacho, basi, katsala kabuku wamba. Iwo anamvetsera zonse, n'kunena kuti mawu oyamba anapereka kwa Jojo, ndipo kuti sangalole mlendo wa magolovesi kutsegula chimene mkulu wawo wayendera ulendo wonsewu. Ewurasi anatsegula sutikesi. Mpaka lero amati sadziwa ngati anachita chifukwa cha chisoni kapena chifukwa chofuna kuti kugogoda kuja kuleke.

Anawamvera akutsika masitepe, akutsokomola. Kugogoda kunaleka. Anamva bambo ake akunena, ndi mawu amene anali asanawamvepo, mawu opepuka a mwana, "Achimwene, tasendezani pang'ono." Benchi inalira kawiri. Chitini chinatseguka.

M'mawa a Lamptey anafika ndi magolovesi awo ndi kachikwama kofewa m'kati. Anaona msana wa kabuku utathyoka, chizindikiro cha chala chonyowa pachikuto, kangodya kopindika chakumayambiriro. Anavula magolovesi chala chimodzichimodzi n'kufunsa kuti ndi chitsiru chiti chachita zimenezi. A Ekow anati ndi iwo ndi mnzawo. Munthuyo anatukwana m'chilankhulo cha kwawo, n'kukwera galimoto osatenga ngakhale kamodzi. Nkhaniyo inawanda pakati pa ogula, ndipo ena amabwerabe kudzafunsa ngati n'zoona kuti kabuku kabwino koposa m'dziko muno kanawonongedwa ndi mwini wake.

Ewurasi ankayembekeza kuti zatha. Koma atatenga kabukuko kuti akabwezere m'chitini, anaona kuti kangodya kanapindidwa patsamba loyamba lenilenilo. Usiku wonse uja anawerenga tsamba limodzi. Atafunsa, bambo ake anayang'ana kumbali ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Tikamaliza apita," anatero. "Ndawauza kuti maso anga anafooka, tiziwerenga pang'onopang'ono."

Chichokereni tsiku limenelo a Ekow amatsika usiku uliwonse. Denga likudonthabe, chifuwa chakula, ndipo malaya oyera aja ayamba kuwakulira. Ewurasi wawatengera kuchipatala, wawaphikira supu wa nsomba wa tsabola, wawachonderera kuti benchi yonyowa si malo a munthu wodwala. Iwo amangomwetulira. Kunena zoona, ine sindinawaonepo osangalala chonchi chiyambire, ndipo n'zimene zimandiopsa. Masana amakhala pakhomo n'kumafotokozera aliyense wodutsa za Mlonda wa Padoko, koma ukawafunsa mathero ake amakwiya.

Timabuku timeneti n'tochepa masamba, amene munatigwirapo mukudziwa. M'mawa uliwonse Ewurasi amayang'ana pamene kangodya kafika, n'kutsina masamba otsala pakati pa zala ziwiri. Sabata yatha anandiuza kuti otsalawo sakumvekanso m'zala.

Usiku wa dzana analephera kupirira. Anatsika masitepe opanda nsapato, n'kuima kuseri kwa chitseko cha m'kati. Kunkanunkha nyanja, fungo lija la zingwe zonyowa za padoko. Pamng'alu wa chitseko anaona msana wa bambo ake, nyali ili pansi, kabuku kali pamaondo, mutu atapendekera kumanzere ngati wagundana ndi wina. Kumanzereko sanayang'ane, anati sakanatha. Bambo ake ankawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, akubwereza ena, akuima pa chithunzi chilichonse kufotokoza zimene aliyense akuziona kale. Atafika kumunsi kwa tsamba anasiya, n'kutsamiza manja onse awiri pakabukuko.

"Lero basi, achimwene," anatero. "Ndatopa. Tipitiriza mawa."

Dontho linagwa m'ndowa.

"Chonde, achimwene. Musatembenuze."

Ewurasi akuti manja a bambo ake anali pompo, osasuntha, pamene anamva pepala likutembenuka.