Bondo la Chiukepo

Tsiku lomwe Dinnah anakumana ndi Chiukepo anali atatopa kale. Kunali kumapeto a 1998, mvula ya ku Wolverhampton ikuwaza ngati yopanda kwawo, iye ataima pa siteji ya basi nsapato zitalemera ndi matope a m'bwalo la mpira.

Ntchito yake inali ya matope omwewo. Anaphunzira za minofu ndi mafupa ku yunivesite, ndipo timu ina yaing'ono inamulemba kuti aziyenda ndi a Rex, mzungu wachikulire wosaka osewera m'makoleji. A Rex ankaona luso la mnyamata, Dinnah ankaona thupi lake. Kumapeto a nyengo timu inkasankha anyamata ochepa n'kuwasainitsa. Dinnah akangoti bondo la uyu silili bwino, basi, maloto a mwana wa eni athera pomwepo.

"Achemwali, ambulera iyi imakwana anthu awiri," anatero munthu wina kumbuyo kwake. M'Chichewa!

Dinnah anatembenuka. Anali mnyamata wovala nambala 9 uja, amene a Rex anamuloza ndi chibwano masana omwewo atagoletsa ndi mutu.

"Mwadziwa bwanji kuti ndine wakwathu?"

"Ndinakumvani mutaterereka ku ground kuja. Mzungu sanena kuti mayo ine."

Dinnah anaseka mpaka anaiwala kuzizira. Anali atakhala nthawi yaitali osaseka m'chinenero chake. Basi itafika anakhala mpando umodzi, ndipo pofika ku Whitmore Reans, komwe ankakhala, Dinnah anali atadziwa kuti mnyamatayo ndi Chiukepo, wa ku Rumphi koma wokulira ku Kawale, wophunzira pa koleji ina momwemo.

Zinayamba choncho. Foni ya Dinnah, yomwe kale inkangolira ndi a Rex okha, inayamba kunjenjemera ndi mauthenga.

"Duwa langa, wadzuka? Dzuwa kuno kulibe, ndiye ndikudalira iwe."

"Mtima wanga, lero ndagoletsa ziwiri. Chachiwiricho n'chako."

Ndani akanapanda kugwa? Mtsikana wobwerera yekha m'kachipinda kozizira tsiku lililonse, kwawo kuli kutali, wina n'kumutcha duwa! Loweruka mpira ukatha Chiukepo ankathamangira ku Solihull, akuti kuli mashifiti a kumapeto a sabata ku fakitale ya magalimoto. Dinnah ankamumvera chisoni mpaka kumukonzera kamba wa panjira.

Koma maso a ntchito sagona. Tsiku lina akukwera masitepe a kwa Dinnah, Chiukepo anaponda ndi mwendo wakumanja n'kuluma mlomo.

"Chiu, bondo ilo latani?"

"Palibe, sweetie. Kutopa chabe."

"Usandinamize. Khala pansi."

Analigwira, analipinda, analikoka pang'ono. Linali lofewa ngati mpando womasuka misomali. Dinnah anangoti kukamwa yasa.

"Ili likufunika operation, Chiu. Silingathe season imodzi ya mpira wa akuluakulu."

Chiukepo anamugwira manja onse awiri, misozi ili lengelenge.

"Usawauze a Rex, chonde. Ndikangosaina ndichira ndi madokotala a timu. Ndipo tamvera, duwa langa: tsiku lomwe ndisaine, amalume anga anyamuka kukaonana ndi amalume ako ku Dedza. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Amalume! Mawu amenewo mtsikana wakwathu sawamva ndi makutu, amawamva ndi mtima. Kuyambira pamenepo, mpira uliwonse usanayambe Dinnah ankalimanga bondolo ndi tepi, mwaluso, n'kulibisa m'buluku lothina lomwe osewera ankavalira kuzizira. Pa nthawi yopuma ankakumana kuseri kwa kanyumba kosinthira zovala, n'kulimanganso mwachangu.

"Nambala 9 wathu uja thupi lake lili bwanji?" a Rex ankafunsa m'galimoto.

"Ali fit," ankayankha Dinnah, maso ali pawindo.

Bodza limatopetsa kuposa ntchito. Dinnah anaonda, chakudya chinasiya kukoma. Ankadziwa kuti zikadzaululika ntchito yatha, ndipo m'dziko la eni ntchito ikatha zambiri zimathera limodzi. Koma foni ikanjenjemera ankadzilimbitsa mtima.

"Pirira mkazi wanga wa mawa. Kwatsala pang'ono."

Mpira womaliza wosankhira osewera unachitikira ku Birmingham, Loweruka lina masana mu Epulo 1999. Dinnah anaima pambali pa a Rex, tepi ili m'thumba la jekete. Chiukepo ankauluka tsiku limenelo. Anadutsa otchinga kumbuyo awiri, nayang'anana ndi goloboyi.

"Womberani bambo a Shalom! Womberani!"

Mpira unagwedeza ukonde. Nthungululu inamveka bwalo lonse, azungu mpaka kutembenuka.

"Mayi uyo akuti chiyani?" anafunsa a Rex akuseka.

Dinnah anatembenukira komwe kunachokera mawuwo. Kwa a Rex linali phokoso chabe la wochemerera. Koma kwathu mwamuna saitanidwa ndi dzina la mwana pokhapokha mwanayo alipo. Bambo a Shalom? Shalom wake uti?

Miyendo inamutenga yokha. Chapafupi ndi kona panaima mayi wina atamanga chitenje pamwamba pa chikhoti, ndi kamtsikana kovala chipewa chofiira kakudumphadumpha.

"Muli bwanji mayi?" anatero Dinnah.

"Eee, wakwathu! Ndili bwino kaya inu? Ine ndine Helen, timakhala ku Solihull. Iwe Shalom, pereka moni kwa anti."

"That's my daddy!" anakuwa mwanayo akuloza nambala 9.

"Sakudziwatu kuti tabwera," Helen anapitiriza, nkhope ikuwala. "Ndasinthana shift ndi mnzanga ku care home kosamalira okalamba kuti tiwachite surprise. Amuna angawa avutika nawo mpirawu. Kodi inu ndinu ndani?"

"Dinnah."

"A Dinnah! Zoona?" Helen anamukumbatira mwamphamvu. "Amakutchulanitu kunyumba! Amati kuli achemwali ena a mtima wabwino ku timuko, akawagwira bwino amenewo kusaina n'kosavuta. Mulungu akudalitseni, achemwali. Mwatithandiza banja lonse."

Akawagwira bwino! Ndiye kamba uja ankakadya ndani ku Solihull? Nanga amalume aja? Dinnah anafuna kulira, koma ngakhale mphamvu zolirira analibe. Anangotopa, kutopa kofika m'mafupa.

Wezulo ya nthawi yopuma inalira. Dinnah anapita kuseri kwa kanyumba kuja monga mwa nthawi zonse. Chiukepo anafika akutsimphina, thukuta lili kamukamu.

"Duwa langa, waona? Fulumira, tepi yamasuka, bondo likuyaka moto!"

Dinnah anamuyang'ana, manja ali m'matumba.

"Mwasewera bwino, bambo a Shalom."

Chiukepo anauma.

"Dinnah... sweetie, ndikufotokozere. Nkhani yake ndi yaitali. Ine ndi iye uja zinatha kale, timangokhalira mwana..."

"Zinatha? Mayi a Shalom akuimba nthungululu kutsogoloku, inu mukuti zinatha?"

"Chabwino, ndalakwa. Koma tandimanga kaye, chonde! Chigawo chimodzi chokha chatsala. Moyo wanga wonse uli pamenepa!"

"Wanganso unali pamenepa," anatero Dinnah motsitsa mawu. Anatulutsa tepi ija n'kuiika pa benchi. "Nayo. Mudzimange nokha."

Anabwerera kwa a Rex osacheuka.

"A Rex, chigawo chachiwirichi muyang'ane bondo lakumanja la nambala 9."

Mkuluyo anavula magalasi.

"Unati ali fit."

"Ndinanama. Ndakhala ndikulimanga ine."

A Rex anapuma mozama, nayang'ana m'bwalo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Lolemba undipeze ku ofesi," anatero basi.

Sipanatenge nthawi. Chiukepo anati atembenuke ndi mpira, bondo linakana, nagwa yekha popanda womukhudza. Nthungululu sinamvekenso. Kunangomveka kamwana kakufunsa, "Mummy, why is daddy crying?"

Dinnah sanadikire kuti mpira uthe. Anayenda mpaka pa siteji, mvula itayambanso kuwaza, n'kukhala pamenepo mabasi akumudutsa, osadziwa kuti akudikira chiyani. Foni inanjenjemera.

"Duwa langa, wandipha. Koma ndimakukondabe. Tikumane mawa."

Anawerenga kamodzi, nafufuta, n'kukwera basi yotsatira.

Basi ikudutsa pa geti ya bwalo lija anawaona pawindo. Chiukepo ankatsimphina atakolowekera mkono paphewa la mkazi wake, Shalom atanyamula nsapato za bambo ake. Helen anali atawafunditsa onse ndi ambulera, yomwe ija ya tsiku loyamba. Dinnah anatsamira galasi lozizira n'kutseka maso. Ambulera ija sinali ya anthu awiri ayi. Inali ndi eni ake atatu kuyambira kale.