Babu la mu Ampulifaya ya a Evelio

Mumsewu mwathu ku Pueblo Nuevo, mumzinda wa Matanzas, nkhani iyi aliyense amaidziwa, koma palibe amene amaikamba mokweza. Ine ndinaimva kwa a Argelio Fundora, amene analipo ndipo anaona ndi maso awo. Ndi bambo woti wakalambira pa ntchito yokonza mawayilesi, sapita kwa oombeza, ndipo chinthu chimene sangachiyeze ndi mita yake sachikhulupirira. Sanathiremo mchere pondiuza, inenso sindithiramo.

Idalmis, mayi wa mumsewu mwathu momwemu, anadwazika bambo ake, a Evelio, zaka zambiri. Iwo anali opichira ndudu kufakitale ya fodya mpaka mapapo anawakana. Chakumapeto sankathanso kugona pabedi, chifukwa akangodziwongola mpweya unkawathawa. Choncho usana ndi usiku ankakhala pampando wogwedera pabalaza, pafupi ndi ampulifaya yokuza mawu, ya mababu, imene anaimanga okha akadali mnyamata, n'kumamvera mbale zawo zakale pagalamafoni. Idalmis ankawadyetsa, kuwasambitsa, ndi kuwakonzera pilo kumsana chifuwa chikayamba kubanika. Mwamuna wake anatopa n'kuchoka. Mwana wake wamkazi, Yanelis, anakula n'kukakwatiwa ku Holguín. Idalmis anali pomwepo, pambali pa mpando uja.

A Evelio atamwalira, Idalmis sanalire, kunyumba ngakhale kumanda. Anthu ankati ndi wolimba mtima. Iye ankangomva ngati thupi lonse lachita dzanzi. Ankaphika khofi, n'kumwa, osamva kukoma kwake.

Yanelis anali woyembekezera, ndipo ankaimba foni kawirikawiri. "Amayi, bwerani kuno. Mukulondera chiyani m'nyumba yopanda anthu?"

Idalmis anavomera. Anayamba kugawa katundu. Ampulifaya ankaifuna mphunzitsi wina wa nyimbo, koma Idalmis ataiyatsa kuti aione inkangong'ung'udza ngati njuchi zili m'chitini. Ndiye anaitana a Argelio, amene anali mnzawo wa malemu kuyambira kusukulu.

Anabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula katoni ya nsapato yodzaza mababu okulunga m'nyuzipepala. Ambiri mwa iwo anawazula m'mawayilesi akanema akale a ku Russia amene anthu ankataya.

"Mwanangu, waonda. Koma ukudya?"

"Ndikudya."

"Bodza limenelo ukawauze ansembe. Tandipatsa khofi, ndione zimene anandisiyira mkulu wouma mutu uja."

Anayatsa. Mababu anayamba kufiira pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba munamveka fungo la fumbi lotentha. A Argelio anavala magalasi n'kuweramira mababu akuluakulu akumbuyo. Anaonetsa Idalmis kadontho konyezimira ngati kalilole kamene kamakhala pamutu pa babu lililonse, n'kunena kuti kakayera ngati choko ndiye kuti mpweya walowa, babulo latha. Onse anali bwino, kupatula limodzi limene chitsulo chake cham'kati chinkafiira ngati khala. Anathimitsa, anadikira kuti azizire, n'kuyamba kusankha m'katoni, akuwayang'ana padzuwa limodzilimodzi.

"Awa saika chiikeike," anatero. "Umasankha awiri ofanana mphamvu. Ukaphatikiza lamphamvu ndi lofooka, limodzi limasenza katundu lokha mpaka kupsa."

Idalmis anali chiimire pakhomo la kukhitchini, manja ali lende.

Atayatsanso, kung'ung'udza kuja kunali kutatha. A Argelio anamwetulira n'kutambasula dzanja kuti atenge khofi. Kenako anaima.

M'sipika ya kumanzere munali kaphokoso kena. Kanali kapansipansi, konga mphepo yolowa pamng'alu wa chitseko. Kankabwera, n'kupita, n'kubweranso.

A Argelio anazula waya wa galamafoni. Kaphokoso kanalipobe. Anathimitsa, n'kusinthanitsa timababu tiwiri takutsogolo, la kumanzere kupita kumanja, la kumanja kupita kumanzere. Atayatsa, kaphokoso kanali katasamukira m'sipika ya kumanja.

"Ndakugwira, mbava iwe," anatero. Anatenga pensulo kukhutu n'kugogoda babulo pang'ono. Sipika inayankha mokweza, ngo! "Waona? Babu likakalamba zam'kati zimakhwefuka, ndiye limasanduka khutu. Limatola chilichonse n'kuchikuza. Koma si wayilesi iyi, za kutali silingamve. Limamva za m'chipinda muno basi."

Atangonena mawu amenewo, anatchera khutu kusipika.

Anakweza mawu a ampulifaya pang'ono. Tsopano zinkamveka bwino. Kukoka kwakutali, kolemera. Kamluzu kakang'ono kumapeto kwake. Kenako kutulutsa.

A Argelio anayang'ana Idalmis. "Tagwira mpweya," ananong'ona.

Onse awiri anagwira mpweya.

Kupuma kuja kunapitirira.

Nthawi yomweyo magetsi anathima, monga amachitira kwathu kuno. Fani inazungulira pang'ono n'kuima. Firiji inagwedezeka n'kukhala duu. Kunja mayi wina anatukwana, ana anakuwa, kenako msewu wonse unati zii. Mababu akuluakulu anayamba kuzirala.

"Zitha pompano," anatero a Argelio. "Mumatsalira timagetsi pang'ono. Zitha."

Mababu onse anada. Linatsala limodzi. Kababu kaja kanali kakuyakabe, kofiira ngati nsonga ya ndudu.

A Argelio anazula waya kukhoma. Anaugwira m'manja, akuuona.

Kukoka. Kamluzu. Kutulutsa.

A Argelio akuti fungo la fumbi linachoka, m'malo mwake munabwera fungo la fodya wouma ndi mankhwala opaka pachifuwa.

Kenako kupumako kunasintha. Kunayamba kudukiza. Kukoka, kukoka, osatulutsa. Kubanika.

Idalmis sanakuwe. Nkhope yake sinasinthe n'komwe. Anachoka pakhomo paja ngati munthu woyenda kutulo, n'kupita pampando wopanda munthu uja. Anagwira pilo.

"Ndabwera, ababa," anatero. "Taweramani pang'ono."

Mpando unapendekera kutsogolo.

Iye sanaukhudze. Manja ake onse awiri anali papilo. A Argelio amalumbira pa zimenezi.

Idalmis anakweza pilo, anaimenyamenya pang'ono, anaibwezera. Mpando unabwerera m'mbuyo. M'sipika munamveka mpweya wautali ukutuluka, ndipo kupuma kunayambanso kuyenda bwino.

Apa m'pamene a Argelio anapeza mphamvu. Anakulunga mpango kudzanja kuopa kupsa, n'kuzula babu lija. Linali lozizira ngati lachokera m'madzi. M'nyumba munati zii.

Anaika lina labwino pamalopo, n'kulongedza katoni yawo. Khofi sanamwe. Idalmis anawaperekeza mpaka pakhomo n'kuwathokoza mwaulemu, ngati palibe chimene chachitika.

Atafika kwawo anayeza babu lija ndi mita. Singano sinagwedezeke. Analiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, n'kupeza kuti kawaya kamene kamayaka m'kati kanali koduka, nsonga zake zitada kale. Babu lotero silingayake, ngakhale utalipatsa magetsi a mzinda wonse.

M'mawa mwake Idalmis anagogoda. Anali atavala diresi lomwe lija la dzulo.

"Ndadzatenga babu lija."

"Lija n'lakufa, mwanangu. Ndakuikira labwino."

"Labwinolo silimva kanthu."

A Argelio anamulowetsa n'kumukhazika pansi. Anamufunsa za Yanelis, kuti nanga mwana si abadwa mwezi womwe uno? Idalmis anati wauza Yanelis kuti iye achedwa pang'ono kupitako.

"Evelio tinamuika m'manda," anatero a Argelio mofatsa. "Bokosi ndinanyamula nawo ine. Ntchito yako unaimaliza, ndipo unaigwira bwino kuposa aliyense. Pita ukaone mdzukulu wako."

"Ndikudziwa kuti tinawaika," anayankha. "Koma usiku wathawu sindinamve kalikonse. Akandifuna ndidziwa bwanji?"

Anatambasula dzanja. Sankalira, sankachonderera. Anangolitambasula, n'kudikira. A Argelio amati mpaka lero sadziwa chifukwa chake sanaliphwanye babulo pansi pomwepo. Analitulutsa m'kabati n'kumupatsa.

Mphunzitsi uja ampulifaya sanailandire. Mdzukulu anabadwa, tsopano akuyenda, ndipo agogo ake amangowaonera pafoni. Yanelis anabwera kudzawatenga, koma anabwerera yekha, maso atatupa, ndipo sanauze munthu zimene anamva m'nyumbamo.

A Argelio anakhala nthawi yaitali osapitako. Posachedwapa anadzilimbitsa mtima, anatenga malalanje n'kukaona Idalmis. Anapeza chitseko chili chotsegula, Idalmis atapita kogula buledi. Analowa n'kuima pabalaza. Ampulifaya inali pamalo pake, waya wake uli lende, osalumikiza kukhoma. Kupuma kunalipo. Koma kamluzu kaja kanali katatha. Kunali kupuma kwakuya, kodekha, kwa munthu wa mapapo abwino amene wagona tulo tokoma.

Ali chiimire choncho anamva Idalmis akubwera. Anakwera masitepe a pakhonde pang'onopang'ono, akugwira khoma, n'kuima pakhomo kuti apezeko mpweya. Mayi ameneyu chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa.

"Mwabwera, a Argelio," anatero. "Ndikuphikireni khofi?"

Anakoka mpweya, ndipo m'chifuwa mwake munalira kamluzu.