Ndani Wakwecha Ndalama ya Agogo?

A Kagalasi anaitembenuza ndalamayo, n'kuiika pa kansalu kakuda, n'kuyamba kuiyang'anitsitsa. Changu anaima kumbuyo kwa amayi ake.

"Nanga bwanji, bambo?" anafunsa amayiwo. "Ine ndasiya katundu pamsika. Sindinabwere kudzaonera nkhope yanu."

A Kagalasi anali mwini kasitolo kogula ndi kugulitsa zinthu zakale: mawotchi oima, masitampa, ndi ndalama zachitsulo zimene zinasiya kugwira ntchito kalekale. Dzinalo anawapatsa ndi ana asukulu chifukwa cha kagalasi kokuzira zinthu kamene kankalendewera pakhosi pawo.

"Mayi," iwo anatero, "ndalama imene munandionetsa sabata yatha inali yakuda ngati kunsi kwa poto. Iyi ikuwala ngati yatuluka m'fakitale m'mawa uno. Mtengo uja sindingapereke."

Ndalamayo inali yasiliva, yaikulu, ndipo anaisiya ndi malemu agogo a Changu. Inkakhala m'kachitini, pansi pa sutikesi. Eni ake anali awiri: amayi a Changu ndi mlongo wawo wamng'ono, amalume a Changu, amene ankakonza njinga ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Denga linkadontha, mvula inali pafupi, ndiye awiriwo anagwirizana zoigulitsa kuti agule malata. Mtengo anali atamvana kale, pambuyo pokangana mpaka a Kagalasi anapempha madzi akumwa.

"Mukuti si yomwe ija?" anafunsa amayi.

"Sindinatero. Ndikuti ndiiyese kaye. Masiku ano anthu akuumba zabodza, ndipo zabodzazo ndiye zimawala kwambiri."

Amayi sanadikire zoyesazo. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mlongo wawo, amene anaima pakhomo atagwira chipewa.

"Iwe."

"Ine chiyani, achemwali?"

"Amene amadziwa pokhala chitini chija ndani? Ndi iwe ndi ine. Ine sindingadzibere ndekha."

Amalume anali ndi mbiri. Nthawi imene ankamwa, anagulitsapo wailesi ya m'nyumba. Mowa anausiya, wailesi anabweza, koma amayi a Changu si munthu woiwala.

Changu anabisa manja kumbuyo. Chitinicho nayenso ankachidziwa. Dzulo lake masana, atachoka kusukulu, anaitulutsa ndalamayo n'kuona kuti ndi yakuda bii. Anachita nayo manyazi. Amayi ake ankagulitsa mapoto ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo iye chiyambire ali wamng'ono ankadziwa kuti poto wakuda wogula amamudutsa. Ndiye anatenga phulusa, ndimu, ndi waya wotsukira mapoto, n'kuikwecha mpaka nkhope yake inaonekamo. Sanauze munthu. Ankafuna kuti mtengo ukakwera anene kuti ndi iyeyo. Dzina loti Changu silinabwere pachabe: mwanayo ankayamba kuthamanga womutuma asanamalize kulankhula.

A Kagalasi anayandikizitsa maginito pa ndalamayo. Sinakakamire. Anaiika pa kasikelo kakang'ono n'kugwedeza mutu. Kenako anaikhazika pansonga ya chala n'kuigogoda ndi pensulo. Inalira mokoma, kulira kwake n'kutenga nthawi kusanathe.

"Yabodza imalira ngati chivundikiro cha botolo," iwo anatero. "Iyi ndi siliva weniweni. Kulemera kwake n'koyenera, timizere ta m'mphepetemu n'tolongosoka."

"Ndiye perekani ndalama zanga."

"Taonani kaye apa." Anawapatsa kagalasi kaja. "Mukuona kukandikaku? Tsitsi la munthu wojambulidwayu linkaoneka limodzilimodzi. Pano lafufutika. Osunga ndalama zakale amafuna kuda kuja, mayi. Kuda kuja ndiye umboni woti yakhala zaka zambiri osaseweretsedwa. Zopalidwa chonchi zilipo mbwee, ndipo n'zotchipa."

"Koma ndi yomwe ija kapena ayi?"

"Sindingalumbire. Zimene ndikanaizindikira nazo zachoka."

Amayi anaponya kagalasiko patebulo, n'kutembenukira mlongo wawo. "Wamva? Yabwino ija wagulitsa, n'kutigulira yotchipa kuti utiphimbe m'maso. Unkaona ngati poti sindinapite patali ndi sukulu ndine chitsiru?"

"Achemwali, ndalama ya bambo anga ine ndingaibe?"

"Wailesi ija inali ya bambo a ndani?"

Anthu awiri amene ankadutsa panja anaima kuti amve bwino.

"Ukafika kunyumba ulongedze," anatero amayi. "Masipanala ako, matayala ako, chilichonse. Ndikamaweruka kumsika ndisakupeze. Ndakudyetsa mokwanira."

Amalume anayang'ana Changu. Sanamuyang'ane momukayikira ayi. Anangomumwetulira pang'ono, ngati akumuuza kuti asaope. Iwowa ndi amene ankamuperekeza kusukulu pa njinga mvula ikamagwa. Anavala chipewa n'kutembenuka.

Changu ankawadziwa amayi ake. Akakwiya, mawu awo ankamveka mpaka tsidya la msewu, ndipo mkwiyo wawo sunkatha tsiku limodzi. Akanangokhala chete, palibe akanadziwa. Amalume anali ataponda kale panja.

"Ndine," anatero. Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mphaka.

"Ukuti chiyani iwe?"

"Ndine ndinaikwecha, amayi. Dzulo. Ndi phulusa ndi waya wa mapoto." Anatulutsa manja kumbuyo. Chala chachikulu chinali ndi timabala ta waya. "Inali yakuda. Ndimafuna iwale kuti akupatseni zambiri."

Amalume anaima pakhomo osatembenuka.

"Wakutuma ndani?" anafunsa amayi, mawu ali pansipansi. Changu akanakonda akanakalipa.

"Palibe."

"Ndiye wandisiya ndikunyoza mlongo wanga pamaso pa anthu, iwe uli phee ngati thumba la makala?"

"Ndimaopa."

A Kagalasi anatsokomola. "Mayi, tsiku lija ndinakuuzani kuti isakhudzidwe ndi chilichonse, ngakhale madzi. Mwanayu munamuuza?"

Amayi anawayang'ana ndi diso loipa. Tsiku limenelo mutu wawo unali pa mtengo, ndipo zina zonse zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

"Chabwino," anatero amayi. "Mwamva nokha kuti ndi yomwe ija. Mupereka zingati?"

A Kagalasi anatchula mtengo. Sunali wokwana ngakhale malata a chipinda chimodzi.

"Mukuseka? Siliva weniweni, mwanena ndi pakamwa panu!"

"Ndiye ndikugula siliva yekhayo. Zaka zake zinapita ndi phulusa."

"Onjezerani."

"Sindingathe."

"Ingoikwirirani m'dothi mwezi umodzi, idanso."

"Kuda ingade, koma tsitsi lija silimeranso. Ndipo wogula ndingamuuze chiyani? Ndimunamize?"

Amayi anayesa uku ndi uku. Ananena za mvula, za ana, za kukwera kwa malata. Ananyamuka ngati akupita, n'kubwereranso. Pamsika njira imeneyi sinkalephera, koma apa a Kagalasi anangopinda manja. Pamapeto pake amayi anaitola ndalamayo, n'kuikulunga m'kampango kawo.

"Sitigulitsa. Tiye."

Panja dzuwa linali litaphimbidwa ndi mitambo. Amalume anali patsogolo, akuyenda mwachangu. Amayi anawathamangira, chinthu chimene Changu anali asanachionepo.

"Taima, iwe. Ukufuna ndigwe?"

Amalume anaima. "Ndikukalongedza, achemwali. Mwanena nokha."

"Ndanena zambiri." Amayi anapuma mwamphamvu, n'kuyang'ana kumbali kumene kunalibe chilichonse choti n'kuyang'ana. Kenako anagwira dzanja la mlongo wawo, n'kulitambasula, n'kuikamo kampango kaja. "Uzisunga ndiwe."

"Wakuba asunge?"

"Usandivutitse. Ndalakwa. Pepa."

Amalume anakhala nthawi akuyang'ana kampangoko. "Anthu aja amva kuti ndine wakuba," anatero. "Pepayu wamva ndi Changu yekha."

Amayi analuma mlomo. Anatembenuka, n'kuona anthu awiri aja akadali pafupi ndi sitolo. Anakweza mawu awo onse a pamsika.

"Inu apo, amakutu aatali! Mlongo wangayu sanabe kanthu. Wolakwa ndine. Kafalitseni zimenezo!"

Anthuwo anabalalika mwamanyazi. Amalume anapukusa mutu, n'kuika kampangoko m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Denga ndiliona ndekha," anatero. "Ndili ndi machubu akale ndi phula. Chaka chino tidutsa."

"Ndipo wokupatsira zipangizo ndi uyu," anatero amayi, akuloza Changu. "Loweruka lililonse, mpaka kudontha kuthe. Kusewera aiwale."

"Inde, amayi."

"Ndipo asakhudze chilichonse asanafunse."

Changu anayenda pakati pawo mpaka pamphambano, pamene amayi anakhotera kumsika. Atatsala awiri, anati, "Amalume, pepani. Ndinachedwa kunena."

"Unachedwa," anavomereza amalume. "Koma mawa usachedwe. Makwerero ndi olemera, sindinganyamule ndekha."