Mwamuna Amene Anamusandutsa Mlongo

Amene anadya nawo mpunga pa ukwati wa Fanuel ndi Dailesi ku Mkanda sanganene kuti awiriwa sankakondana. Dailesi anali wamtali moti anzake kuyambira ku pulayimale ankamutcha mlongoti. Fanuel, wakabaza wa njinga yamoto pa boda, ankangoseka n'kunena kuti, "Mlongoti womwewo ndi umene umagwira netiweki." Anapeza kanyumba pa Boma la Mchinji, ndipo oyandikana nawo sanamvepo mbale ikusweka.

Kenako kunabwera Greyson wa ku Lilongwe, wofufuza atsikana oonetsa zovala, aja amati mamodelo, kuti akapikisane pa kanema. Anamupeza Dailesi akugulitsa mtedza mumsika.

"Chemwali, msinkhu uwu si wa pa lichero ayi. Dziko liyenera kukuonani."

Fanuel ananyadira, ndipo ndi iye amene anakamusiya mkazi wake pa depoti. Abale anga, munthu amatha kuperekeza tsoka lake n'kulibayibitsa akumwetulira.

Ku Lilongweko Greyson anasintha ngati nanzikambe. Ankayeza atsikana m'chiuno ndi tepi kamera ikujambula, n'kumafuula manambala ngati ali pa okushoni ya fodya. Anamuvulitsa Dailesi nsapato kuti anthu aone ming'alu ya m'zidendene. Atalira, Greyson anati, "Kamera sinagwire bwino. Liranso." Kenako analoza mphete.

"Vula. Oonera savotera mkazi wa mwini. Pano ndiwe mbeta."

"Koma ndili ndi mwamuna wanga."

"Ndiye minibasi za ku Mchinji ndi zambiri."

Dailesi anavula. Mafoni anali atawalanda, choncho Fanuel sanamve chilichonse cha zimenezi. Chimene anaona ndi cha pa kanema Loweruka masana, m'lesitilanti ya pa boda modzaza madalaivala a mathiraki: mkazi wake atapaka milomo, akunena kuti, "Ndine Dailesi wa ku Mchinji, sindili pabanja."

Zakeyu, wosintha ndalama, anawomba m'manja. "Bwana Fanuel, banja linatha liti osatiuza? Ife tinkaopa chabe, kasi munda ndi wopanda mwini!"

Sabata ndi sabata Fanuel ankaona dzanja la Greyson m'chiuno mwa Dailesi, ati kumuphunzitsa kuyenda. Misozi ya ming'alu ija a kanema anaionetsa kamodzi, koma dzanjalo ankalionetsa mobwerezabwereza. Nsanje ili ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba lili bwinobwino, m'kati mwasanduka fumbi. Fanuel anasiya kuseka. Akanyamula kasitomala ankangoyankhula yekha kuti, "Tidzaonana. Mchinji ndi kwathu."

Tsiku linafikadi, chifukwa pulogalamuyo inkakajambula mtsikana aliyense kwawo. Galimoto itangoima, Dailesi anathamangira m'nyumba n'kugwada.

"Amuna anga, ndimvereni kaye. Anandikakamiza."

"Anakukakamiza pakamwa? Mphete yanga ili kuti?"

"Ili m'chikwama. Kwatsala masabata owerengeka, ndikapambana tidzagula malo."

"Malo oti ndizikhala ndi ndani, iwe mbeta? Pa boda ponse ndasanduka nyimbo!"

Greyson analowa osaodira, magalasi akuda ali kumaso.

"Bambo, nthawi ndi yochepa. Muima pakhomo apa, muzinena kuti ndinu mlongo wake. Ndi za pa kanema chabe izi."

Fanuel anamuyang'ana mkazi wake. Dailesi anazolika. Ndipo Fanuel anatuluka n'kukaima pomwe anamulozerapo, pafupi ndi njinga yake imene ankaikonza m'mawa umenewo. Anthu a mumsika anali atadzaza kale pabwalo.

"Awa ndi achimwene anga," anatero Dailesi.

"Bwereza. Umwetulire."

Anabwereza. Greyson anamukoka m'chiuno, n'kutembenukira kwa Fanuel akuseka kuti kamera imugwire bwino.

"Nanga alamu, mlongo wanuyu mutipatsa?"

Anthu anaseka. Fanuel anawerama n'kutola chitsulo chochotsera tayala. Nkhonya ya munthu wokwiya imagwa kamodzi, koma uyu sanali wongokwiya, anali atasunga mkwiyo. Anamumenya Greyson mpaka amuna anayi atamugwetsa Fanuel pansi, akufuulabe kuti, "Bwereza! Umwetulire!" Greyson anamwalira asanafike naye kuchipatala. Wojambula sanazimitse kamera, poti anaphunzitsidwa kuti zikavuta ndi pomwe pali nkhani.

Kukhoti sikunafunike mboni zambiri, anangoonetsa kanemayo. Woweruza atafunsa ngati ali ndi mawu odandaula, Fanuel anati, "Akanadzuka ndikanamumenyanso." Anamupatsa zaka makumi awiri ndi zisanu. Dailesi anakomoka pa benchi. Eni pulogalamu anali atamuchotsa kale mumpikisano, ati chifukwa ananama kuti sali pabanja.

Ine sindimulira Greyson, Mulungu andikhululukire, poti munthu wosewera ndi ulemu wa anzake amasewera ndi moto. Koma kubwezera kumadya mwini wake poyamba. Fanuel anafuna kuti dziko lidziwe kuti Dailesi ali ndi mwamuna. Dziko ladziwadi. Mwamunayo ali m'ndende, ndipo akamabwera mkazi wake kudzamuona, amayankhulana kudzera pa waya, msilikali ataima pambali.