Matimati si Fodya!

Loyce ankakhala ku Mzimba Boma. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kadimba. Kadimbako kanali ka Loyce. Loyce ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuthyola matimati olima yekha.

Njere anampatsa ndi amalume ake a ku Ntcheu. Zinali njere za mitundu itatu. Zina zinali za matimati akuluakulu. Zina zinali za matimati ataliatali ngati dzira. Zina zinali za timatimati ting'onoting'ono totsekemera. Loyce anafesa njere zonse. Sanasiyeko ngakhale imodzi.

Loyce anafesa. Loyce anawokera. Loyce anathira manyowa. Ankathirira m'mawa. Ankathiriranso madzulo. Kheni yothirira inali yolemera. Madzi a m'mawa ankaluma zala. Koma Loyce sanaleke.

Tsiku lina mbewu zinachita maluwa. Anali maluwa achikasu.

“Amayi, bwerani mudzaone!” anaitana Loyce.

Amayi anabwera. Anawerama n'kumwetulira.

“Uwasamale, mwanawe,” anatero amayi. “Matimati amachokera m'maluwa amenewa.”

Masiku omwewo kunabwera Feston. Feston anali msuweni wa Loyce. Anachokera ku Champhira. Polankhula ankasakaniza mawu a kwawo. Anabwera kudzakhala nawo kuti aziphunzira pa Boma. Kwawo kwa Feston amalima fodya. Fodya akachita maluwa, alimi amadula nsonga yake. Ntchito imeneyi amati kuthena. Akathena, masamba a fodya amakula. Feston ankaidziwa bwino ntchito imeneyi.

Loweruka Loyce anapita kumsika ndi amayi. Feston anatsala yekha. Anazungulira kuseri kwa nyumba. Anaona mbewu za Loyce. Anaona maluwa achikasu aja. Kwawo matimati amati mapuno.

“Mapuno awa achita maluwa chomene!” anatero Feston. “Loyce waiwala kuthena. Mbwenu ndimuthandize.”

Kodi Feston anafunsa? Ayi, sanafunse. Anangopinda malaya n'kuyamba ntchito.

Budu! Anabudula maluwa a matimati akuluakulu. Budu! Anabudula maluwa a matimati ataliatali. Budu! Anabudula maluwa a timatimati ting'onoting'ono. Anadulanso nsonga zonse. Anaunjika maluwawo pamodzi. Kenako anakhala pansi, akunyadira ntchito yake.

Loyce anabwera kuchokera kumsika. Anathamangira kudimba. Anaima chilili. Pa mbewu panalibe duwa ngakhale limodzi. Maluwa onse anali pansi, akufota.

“Wachita izi ndani?” anakuwa Loyce.

“Ndine,” anatero Feston. “Ndakuthenera. Waona m'mene ndagwirira?”

Loyce anapsa mtima. Maso ake anafiira psu!

“Matimati si fodya!” anakuwa Loyce. “Iwe Feston! Matimati si fodya! Ine ndidzadya masamba? Ndine mbuzi ine?”

Feston anayang'ana maluwa. Anayang'ana Loyce. Nkhope yake inagwa.

“Phepa, Loyce,” anatero. “Sindinadziwe yayi.”

“Njere zinatha!” anakuwa Loyce. “Ku Ntcheu ndi kutali! Ndikazitenganso kuti?”

Amayi anamva phokoso. Anabwera mothamanga. Anaona mulu wa maluwa n'kugwira pakamwa.

“Feston, safunsa anadya phula,” anatero amayi. “Ukanafunsa kaye.”

Kenako anatembenukira kwa Loyce.

“Wapepesa mnzakoyu. Mbewu sizinafe. Pitiriza kuthirira.”

Koma Loyce sanafune kumva za kupepesa. Anatola kamtengo. Anajambula mzere pansi. Unali mzere wautali, wozungulira dimba lonse.

“Waona mzere uwu?” anatero Loyce. “Ukangoudumpha, uona!”

Loyce anakwiya tsiku limenelo. Anakwiyanso mawa lake. Anakwiyanso mkuja. Mwana ameneyu anali ndi mtima wapachala.

Popita kusukulu, Loyce ankayenda patsogolo. Feston ankayenda kumbuyo.

“Loyce, ndidikire, ndapota,” ankatero Feston.

Loyce ankangotsonya. Sankatembenuka.

Loyce anakwiyira nkhuku. Anakwiyira galu wa aneba. Anakwiyira ngakhale kheni. Anaimenya theche. Kheni inalira, nge! Chala cha Loyce chinapweteka. Nanga kheni inalakwa chiyani? Loyce anakwiya kuposa kale.

Komabe ankathirira. Ankathirira m'mawa ali chikwiyire. Ankathirira madzulo ali chikwiyire. Feston ankaima kunja kwa mzere.

“Ndikunyamulire kheni?” ankafunsa.

“Ayi!”

“Ndikutungire madzi?”

“Ayi! Choka!”

Masiku anapita. Mbewu zinatulutsa mphukira. Mphukira zinatuluka apa, zinatuluka apo. Zinakula n'kukhala nthambi. Nthambi zinachita maluwa atsopano. Loyce anawaona maluwawo. Mtima wake unadumpha. Koma Feston anali pomwepo, kunja kwa mzere. Ndiye Loyce anakwinyanso nkhope.

“Usawayang'ane!” anatero.

Maluwa anayoyoka okha. Pamalo pake panabwera timatimati tobiriwira. Tinakula, tinakula. Nthambi zinachuluka. Nthambi zinalemera. Zinayamba kuwerama.

Feston anaona zimenezi. Anakadula timitengo kutchire. Anasenda luzi. Anaziika kunja kwa mzere.

“Nthambi zikufuna kumangirira,” anatero Feston.

“Ndakufunsa?” anatero Loyce.

Tsiku lina kunabwera mphepo. Inali mphepo yamphamvu. Fuuu! Fumbi linauluka. Zovala zinagwa pachingwe. Mbewu za Loyce zinagwedezeka. Timatimati ting'onoting'ono tinagona pansi. Matimati ataliatali anapendekeka. Nthambi ya matimati akuluakulu inalira, tswa!

Loyce anathamanga. Anaigwira nthambiyo ndi manja awiri. Inali itang'aluka pang'ono. Akaisiya, ithyoka. Akaisiya, matimati akuluakulu apita. Loyce anayang'ana timitengo. Tinali patali. Anayang'ana luzi. Linali patali. Anayesa kulikoka ndi phazi. Phazi silinafike.

“Amayi!” anakuwa Loyce.

Amayi anali kuntchito.

“Adada!”

Bambo akewo anali ku Chikangawa ndi lole ya matabwa.

Fuuu! Mphepo inawombanso. Nthambi inaliranso, tswa!

Feston anali pomwepo. Anaima kunja kwa mzere. Zala za kumapazi zinali pafupi penipeni ndi mzerewo. Koma sanadumphe.

Loyce anamuyang'ana. Misozi ya mkwiyo inatsika.

“Iwe Feston! Wangoima bwanji? Sukuona?”

“Pali mzere,” anatero Feston.

“Dumpha!”

“Unati ndikadumpha ndiona.”

“Ndati dumpha! Tenga luzi! Fulumira!”

Feston anadumpha. Anazika kamtengo. Loyce anagwira nthambi. Feston anamanga. Anamanga pong'aluka paja bwinobwino.

“Usamange kwambiri!” anatero Loyce. Feston anavomera.

“Enya.”

“Usagunde maluwa!”

“Enya.”

Anamanga matimati akuluakulu. Anamanga matimati ataliatali. Anadzutsa timatimati ting'onoting'ono. Loyce ankagwira, Feston ankamanga. Mphepo inawomba, inawomba, mpaka inatopa. Palibe nthambi inathyoka.

Loyce anapukuta misozi ndi mkono.

“Ndikadali wokwiya,” anatero.

“Ndikudziwa,” anatero Feston.

“Mawa unyamule kheni.”

“Yewo chomene!” anathokoza Feston.

Matimati anayamba kupsa. Timatimati ting'onoting'ono tinayamba kufiira. Kenako anafiira ataliatali. Akuluakulu anachedwa, koma nawonso anafiira.

Loyce anatenga lichero. Feston anatenga beseni.

“Wofiira thyola,” anatero Loyce. “Wobiriwira siya.”

“Nanga uyu?” anafunsa Feston.

“Siya.”

“Nanga uyu?”

“Thyola.”

“Nanga uyu?”

“Aa, iwe! Uzifunsa aliyense?”

Lichero linadzaza. Beseni linadzaza. Anaziika pakhonde.

Madzulo adada anafika kuchokera ku Chikangawa. Malaya awo ankanunkhira matabwa. Anaima pakhonde n'kudabwa.

“Mapuno onsewa mwagula?” anafunsa adada.

“Ayi,” anatero amayi akuseka. “Achokera kuseri kwa nyumba.”

Adada anakhala pansi. Ananyamula lalikulu. Linadzaza dzanja lonse. Anafinya lalitali. Linali lolimba. Anaponya kakang'ono m'kamwa.

“Kunowa chomene! Kukoma zedi!” anatero adada. “Mlimi wake ndani?”

“Ine!” anatero Loyce.

Feston anangoyang'ana pansi.

Loyce anamuyang'ana. Anakwinya nkhope. Anafufuza mu lichero. Anasankha lalikulu kuposa onse. Analiika m'manja mwa Feston.

“Ine ndi Feston,” anatero Loyce. “Koma kwambiri ine.”

Adada anaseka. Amayi anaseka. Feston analuma lalikulu lija. Madzi ake anadumphira pamphuno pa Loyce. Onse anamuyang'ana Loyce.

Loyce anayesa kukwiya. Anayesa, anayesa. Koma zinamukanika. Anaseka mpaka kugwa pamphasa.